Mano a Chipeso Akuyang'ana Kolakwika

Kwathu amanditchula Chete. Dzinali anandipatsa ndi azakhali anga, ati munthu akhoza kundikhalira pampando osadziwa kuti pali wina. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mayeso a sekondale ndalemba chaka chathachi, koma pakamwa panga mpaka lero mpolemera. N'chifukwa chake ndasankha kulemba. Mundiweruze mmene mungafunire, bola muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa chimene ndinachita ineyo ndachikankhira kutali. Manyazi.

1

Pakati pa tauni yathu pali nyumba yatsopano ya maofesi, ya kampani ya inshulansi. Nsanjika makumi awiri ndi ziwiri, galasi lobiriwira kuchokera pansi mpaka kumwamba. Kunsi ndi yotakata, ikamakwera imanka niwonda pang'onopang'ono ngati munthu amene wakoka mimba pojambulitsa. Mbali yoyang'ana kolowera dzuwa ili ndi zitsulo zoyera, zazitali, zopyapyala, zoimikidwa mondandalika, chilichonse chopendekeka pang'ono kuposa chinzake. Madalaivala a basi atangoziona anati, "Chipeso!" Basi, dzina linakhala lomwelo.

Mukalowa, pansi ndi mwala wosalala woti nsapato zimalira zokha. Zikepe zilipo zinayi. Pakhoma loyang'anizana ndi khomo anakhomapo chitsulo cholembedwa dzina la bambo anga, ndipo pambali pake anapachika pepala limodzi la pensulo, m'felemu yagalasi. Pansi pake analemba kuti ndi chojambula choyamba, cha dzanja la mmisiri mwini wake.

Bambo anga ndimawakonda. Koma chibadwire sindinawaonepo atagwira pensulo kupitirira mphindi zisanu.

2

Kale bambo ndi amayi anali ndi ofesi imodzi yojambula mapulani a nyumba. Bambo anali ndi satifiketi, chidindo, suti ndi pakamwa. Amayi anali ndi tebulo lopendekeka ndi mapensulo. Bambo atachoka kukakhala ndi mkazi wina, amene ndinauzidwa kuti ndizimutchula Anti, ofesi inapita nawo. Tebulo lokha ndi limene linabwera kunyumba.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene kampani ija inalengeza mpikisano wa pulani ya nyumba yawo. Amayi anati alowa nawo, munthu wachidindo adzamupeza pomaliza. Anamata kanyumba ka katoni n'kukaika pawindo la kukhitchini, loyang'ana kumadzulo. Ikangokwana 2 koloko, 3 koloko, 4 koloko, ankasiya chilichonse, ngakhale mphika ukupserera, kuthamangira kukalemba pamene mthunzi wafika. Miyezi itatu yathunthu.

"Nyumba yagalasi ndi botolo, Chete," ankatero. "Ukaliika padzuwa, zam'kati zimapsa. Ine ndikufuna munthu wa pawindo aziona kunja, koma dzuwa lisamuone iyeyo."

Anali ndi kajambulidwe kawokawo. Ankagwiritsa ntchito pepala lopyapyala, loonekera. Kutsogolo kwake ankalemba mizere ya nsanjika ndi mawindo ndi pensulo yolimba, yotuwa. Zitsulo zotchinga dzuwa ankazijambula kuseri kwa pepalalo ndi pensulo yofewa, yakuda bii, kuti akamafufuta asawononge mizere inayo, chifukwa ankafufuta tsiku lililonse. Pofuna kuona nyumbayo mmene idzaimire, unayenera kuyang'ana mbali yotuwayo, zakudazo n'kumaonekera kuseri. Ndinkadziwa chifukwa wosongola mapensulo ndinali ine.

Kutatsala sabata imodzi kuti mpikisano utsekedwe, pepalalo linasowa. Amayi anatembenuza nyumba yonse, mpaka kung'amba matilesi. Patapita miyezi iwiri tinaona bambo m'nyuzipepala, atavala suti, akumwetulira pambali pa chithunzi cha nyumba ya amayi.

Amayi anakalalata ku ofesi kwa bambo, alonda n'kuwatulutsa. Kenako tinaitanidwa tonse pabalaza la azakhali, mlongo wawo wa bambo.

"Alamu, nsanje ndi matenda," azakhali anayamba. "Mwamuna akakusiya umalira n'kupukuta misozi. Sulanda ulemu wake."

"Sindikulanda cha munthu. Funsani mwanayu." Amayi anandigwira phewa. "Chete, mwana wanga, auze azakhali ako zimene unkaona."

Maso onse anali pa ine. Bambo okha ankaseweretsa makiyi a galimoto.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Ndinkangoona akuseweretsa makatoni."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Makatoni! Mzimayi wamkulumkulu, makatoni pawindo, mphika ukupsa. Achimwene, mwanayu mutengeni asanatengere. Mutu wa alamu anga sukuyenda."

Dzanja la amayi linachoka paphewa panga pang'onopang'ono. Sabata yomweyo ndinasamukira kwa bambo. Kuyambira pamenepo, abale onse akamanena za amayi ankayamba atsitsa kaye mawu.

3

Patatha chaka, bambo ananditenga ku ofesi kwawo tsiku lina Loweruka. Pakati pa chipinda panali chifanizo cha nyumbayo, chamatabwa ndi pulasitiki, chachitali kundifika pachibwano. Ndinachizungulira. Nditafika mbali ya zitsulo ndinaima.

Mano a Chipeso anali atapendekekera kwina.

Ndinayang'ananso. Pa kanyumba ka amayi, manowo ankapatsa dzuwa lamasana msana. Apa anali atalitsegulira manja. Ndinazindikira msanga chimene chinachitika. Anyamata a mu ofesi, poika pepala lija pamakina okopera mapulani, anaona mbali yakuda bwinoyo n'kuganiza kuti ndiyo kutsogolo. Mawindo sanawatsutse, chifukwa kumanja ndi kumanzere n'chimodzimodzi. Zitsulo zokha ndi zimene zinatembenuka.

"Adadi, mano awa..."

"Akongola eti?" anandidula. "Usakhudze, Chete, zala zako n'zamafuta."

Tsiku lomwelo ndinamva injiniya wina akufunsa ngati ayesenso kapendekedwe ka zitsulozo. Bambo anamuyankha osadzutsa n'komwe mutu.

"Achimwene, inu ndinu a mabawuti. Za dzuwa ndinawerengera kale ndekha. Mangani zimene ndajambula."

Ine ndinakhala chete zaka zinayi. Poyamba anali mantha. Ndikanati ndinene, akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ine amene ndinkangoona makatoni. Koma ndisakunamizeni, mantha aja anasanduka china. Tikamadutsa pamalopo popita kusukulu, bambo ankachepetsa liwiro kuti ndione. Ine ndinkawerenga nsanjika zatsopano ndi mano ake olakwikawo, mumtima n'kumati: kwerani, adadi, kwerani ndithu.

4

Nyumbayo anaitsegulira m'miyezi yozizira. Kunali maluwa, matepi, makamera, Anti atavala chipewa chachikulu ngati beseni. Bambo anauza atolankhani kuti nzeru ya zitsulozo inawabwerera akuyang'ana mkazi wawo akupesa tsitsi. Anti anaphimba pakamwa ndi dzanja, anthu n'kuomba m'manja.

Kenako kunatentha.

Ikangodutsa 2 koloko, zitsulo zoyera zija zinkawakha dzuwa n'kuliponyera m'maofesi. Makina oziziritsa mpweya ankalira tsiku lonse ngati akupempha chikhululuko. Anthu a mbali ya kumadzulo anayamba kumata manyuzipepala pamagalasi, ena makatoni, wina anapachika shiti la maluwa. Nkhope yokongola ija inadzaza zigamba. Alonda anasiya kunena kuti Chipeso, ankati Uvuni.

"Mukukwera pa nambala chani, achemwali?" mlonda wina anandifunsa tsiku lina nditatumidwa ndi mapepala a bambo. "Pa 15? Tengani mazira, mukatsika ataphikika."

Bambo anaimba mlandu ogulitsa magalasi. Kenako oika makina. Kenako anati dzuwa la chaka chino n'lachilendo.

Nthawi imeneyo amayi anali akujambulira anthu timashopu ndi mipanda. Ndinkapita kukawaona kamodzi pamwezi, n'kumakamba za sukulu ndi za nsapato zanga, basi. Koma kutangoyamba kutentha, anayamba kubwera m'tauni tsiku lililonse masana. Ankaima tsidya lina la msewu, kope m'manja, kuyang'ana wotchi, kuyang'ana nyumba, kulemba. Tsiku lina ati anaseka okha mokweza mpaka ogulitsa zipatso anasuntha madengu awo.

5

Azakhali anafika kwathu Lachiwiri, ali wefuwefu, chikwama asanachiike n'komwe pansi.

"Achimwene, zafika poipa. Anzanga a kutchalitchi awaona. Akuyankhula ndi nyumba! Ndakambirana kale ndi dokotala wa matenda a mutu, Lachisanu tiwatengere kumeneko. Akawasunga kaye."

"Ndi thandizo, Chete," anatero Anti akundisisita mkono. "Si chilango ayi."

"Dokotalayo akufuna mawu a munthu amene ankakhala nawo," azakhali anapitiriza. "Iwe ukangonena zija unanena kwathu zija. Za makatoni. Ukazinena bwino, usakameze mawu ngati wadya phula."

Ndinayang'ana bambo. Ndinkafuna anene kuti ayi, zafika patali. Iwo anali pa foni, chala chikuyenda.

"Lachinayi eni nyumba andiitana," anatero. "Anthu amenewa atopa kale ndi ine. Sindikufuna kuti azionanso zoterezi pakhomo pawo."

"Wamva, Chete?" azakhali anafunsa.

"Ndamva, azakhali."

Ndinakatsuka makapu awo. Kapu imodzi ndinaitsuka mwina kasanu.

6

Lachinayi ndinapita ndi bambo, nditawanyamulira chikwama cha mapulani. Mkulu wa kampaniyo ndi mayi wamfupi, wa imvi zometa, amene onse amamutchula Madamu. Msonkhano unayambira pa nsanjika ya 19, koma pofika 3 koloko malaya a aliyense anali atamatirira kumsana, ndiye Madamu anati titsikire pansi polandirira alendo. Panali mainjiniya awiri ndi akuluakulu ena a kampani.

"Bambo, ndamva za magalasi, ndamva za makina," anatero Madamu. "Antchito anga akukomoka. Ndikufuna mundiuze chimene chalakwika ndi nyumba yanu."

Bambo anayamba kufotokoza, mawu ambiri okoma. Madamu sankamvetsera. Ankayang'ana panja.

"Nanga mayi uyo ndi ndani? Tsiku lililonse ali pomwepo ndi kope."

Amayi anali tsidya lija, dilesi lawo labuluu lakale, dzanja pachipumi.

Bambo anatsitsa mawu monga amachitira abale onse. "Pepani, Madamu. Anali mkazi wanga. Ndi wodwala mutu, amaganiza kuti nyumbayi ndi yake. Mawa tikumutengera kuchipatala, simudzamuonanso."

Sindikudziwa kuti chikwama ndinachiika pati. Ndinangopezeka ndili pakhoma paja, nditagwira felemu ya pepala lija. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinaikweza n'kuisiya kuti igwe. Phokoso la galasi pamwala paja linafika mpaka kuzikepe.

"Chete!" bambo anakuwa.

Ndinatola pepala, chala chikutuluka magazi, n'kupita nalo pakhoma lagalasi pamene pankawala. Ndinaliika monga linalili m'felemu.

"Umu ndi mmene mwamangira." Mawu anga ankanjenjemera ngati a mbuzi, koma anatuluka. Ndinalitembenuza. Mizere yotuwa ija inaonekera, mano akuda ali kuseri, atapendekekera kwina. "Umu ndi mmene anajambulira. Kutsogolo ndi kuno."

Injiniya uja wa mabawuti anayandikira. Anayang'ana pepala, anayang'ana kunja, n'kugwira pakamwa.

"Mwanayu watengera mayi wake," bambo anatero. "Mlonda, tamutulutsani."

"Mlonda, imani pomwepo," anatero Madamu. "Bambo, pepala ndi lanu. N'chifukwa chiyani munalemba mbali zonse ziwiri?"

Bambo anayamba kuseweretsa makiyi a galimoto.

"Kaitaneni mayi uja," anatero Madamu.

Amayi analowa akuyang'ana uku ndi uku ngati akuyembekezera kugwidwa. Ataona pepala m'manja mwanga anaima. Injiniya anawafunsa kuti zitsulo za pa nsanjika yachisanu zinayenera kupendekeka bwanji. Anayankha osatsegula kope. Za pa 12, anayankha. Za pa 20, anayankha, n'kuwonjezera kuti zitatu za pakona zikufunika kufupikitsa. Kenako anatsegula kope lija. Munali mithunzi ya tsiku lililonse, ola ndi ola, ndi mmene angakonzere nsanjika iliyonse. Umenewo ndiwo unali misala yawo.

Madamu anatembenukira kwa amayi. "Amayi, nanga pepala lanu linafika bwanji m'manja mwa bambo awa?"

"Linabedwa m'nyumba mwanga. Amene anatenga sindinamuone."

Apa ndiye pamene ndakhala ndikuzengereza kufikapo.

Masiku a mpikisano aja, bambo anabwera pageti la sukulu ndi galimoto. Anali asanabwerepo chichokereni. Anandigulira ayisikilimu, n'kundifunsa zimene amayi akujambula. Ndinawauza zonse, monyadira. Anati angofuna aone pepalalo tsiku limodzi, awathandize. Anati ntchito imeneyi ikatheka tidzakhalanso pamodzi tonse atatu. Mawa lake ndinalikulunga, ndinalilowetsa m'mkono wa juzi ya sukulu, n'kutuluka nalo amayi akundikonzera kolala pakhomo.

"Ndine," ndinatero.

Palibe amene anamva bwino. Ndinabwereza.

"Ndine ndinaba, amami. Ndinawapatsa adadi. Ndipo kwa azakhali kuja ndinanama."

7

Ndinkaganiza kuti andimenya, kapena andikumbatira. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anamaliza kaye kuyankhula ndi mainjiniya, anagwirana chanza ndi Madamu, n'kutuluka. Ndinawatsatira mpaka pokwerera basi.

"Amami."

"Iweyo?" Anandiyang'ana ngati akuwerenga chikwangwani chakutali. "Ukudziwa amene ndinamuganizira? Mng'ono wanga. Ndi iye yekha anali ndi kiyi wina. Ndinamutchula wakuba pamaso pa ana ake. Zaka zisanu sitinapatsane moni, mwana wake wabadwa sindinamuone. Iwe ukubwera kwanga mwezi ndi mwezi, kudzandiuza za nsapato."

Ndinalira pamenepo, anthu akuyang'ana.

"Misozi sungira m'basi," anatero. "Kwa bambo ako sungabwerereko, ndikudziwa. Koma usanaponde pakhomo panga, upite kwa mayi ako aang'ono. Ukanene wekha, ndi pakamwa pomwepo."

Ndinapita tsiku lomwelo, mabasi awiri. Mayi aang'ono anandimvetsera ali chilili pakhonde, mwana kumsana. Nditamaliza anandiuza mawu amene sindingalembe m'magazini. Kenako anati ndidikire avale nsapato. Tinabwerera limodzi. Atafika kwa amayi anadzitsekera m'khitchini awiriwo, ine ndili panja pa sitepe, ndikumva kukalipa, kulira, kenako kuseka.

Lachisanu lija kuchipatala sikunapite munthu.

Lero mukadutsa pa Chipeso muona amuna atalendewera pazingwe, akumasula mano limodzilimodzi n'kuwatembenuza. Afika pa nsanjika yachisanu ndi chinayi. Amayi amakhala pansi atavala chipewa cholimba, akuloza ndi pensulo, ndipo ogulitsa zipatso aja tsopano amawapatsa mpando. Chitsulo cha pakhoma chija anachichotsa, chatsopano chili ndi dzina lawo. Ine ndimagona pabalaza pawo. Amandiyankhula, koma mwina amandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndimapirira, chifukwa ndi zanga.

Inu owerenga, ndikudziwa ena mwa inu mukuti mwana sachititsa bambo wake manyazi pagulu, nkhani za m'banja zimathera m'nyumba. Zimenezo ndazimva kale kwa abale onse, ena mpaka anachita kundiimbira foni koyamba m'moyo wawo. Koma nkhani yathu inayamba yathera m'nyumba, pabalaza la azakhali, ndipo mwaona mmene inathera. Ena mukuti ndikananena kale, nsanjika zisanakwere, anthu osalakwa asanapse m'maofesi muja. Inu mukunena zoona. Ndinali ndi pakamwa zaka zonsezo, ndinangosankha kupatseka, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndine mwana waulemu. Ngati muli ndi mwana wofatsa kwanu, musamangomuyamikira. Muzimufunsa chimene wameza.

Dzulo azakhali anaimbanso.

"Bambo ako sakudya bwino. Akungodikira kuti upite ukagwade, upepese. Ndi bambo ako, iwe, ngakhale atalakwa chotani."

"Azakhali," ndinatero, ndipo mawu sananjenjemere, "anthu oti ndiwapepese ndili nawo ambiri. Ndayamba ndi amayi, ndapita kwa mayi aang'ono, atsala a m'maofesi muja, mbali yonse ya kumadzulo. Ndaunguza bwinobwino pamndandandawo. Adadi palibe."